Button Gwinnett: wangongole amene siginecha yake ikudula kuposa nyumba

Aliyense wochita geni amadziwa kuti katundu akasowa pamsika mtengo umakwera, kaya katunduyo ndi wabwino kaya ndi wachabechabe. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito kwa anthu amene amasonkhanitsa makalata akale osainidwa ndi atsogoleri oyamba a mayiko. Umboni wake ndi moyo wa Button Gwinnett wa ku America.

Bamboyu adabadwa mu 1735 ku Gloucestershire m'dziko la England, ndipo bambo ake adali mbusa wa mpingo. Adaphunzira zamalonda, nakwatira Ann Bourne ku Wolverhampton mu 1757. Patapita zaka zochepa adawoloka nyanja kukasaka mwayi ku America, komwe nthawi imeneyo kudali pansi pa ulamuliro wa Britain. Pofika 1765 adali atatsegula sitolo mumzinda wa Savannah, m'chigawo cha Georgia.

Sitoloyo sidayende. M'malo moti aphunzirepo kanthu, mkuluyu adakongola ndalama zina nkugula chilumba cha St. Catherines kuti azilima. Olima m'mindamo adali akapolo ochokera kuno ku Africa, ndipo ichi tisachiiwale tikamamva kuti adali womenyera ufulu. Ulimi nawo udakanika, mwakuti mu 1773 eni ngongole adamulanda katundu.

Geni itavuta, Gwinnett adaika mtima pa ndale. Anthu a m'zigawo 13 za America adali atatopa ndi misonkho ya mfumu ya Angerezi, ndipo iye adakhala mbali ya ofuna kudzilamulira. Mu 1776 a ku Georgia adamutuma ku msonkhano waukulu wa zigawozo ku Philadelphia. Pa 2 August chaka chimenecho adasaina chikalata cholengeza ufulu wa America. Osaina onse adalipo 56, ndipo a ku Georgia adali atatu: iyeyo, Lyman Hall ndi George Walton.

Atabwerera ku Georgia adathandiza kulemba malamulo oyendetsera chigawocho. Mtsogoleri wa chigawo, Archibald Bulloch, atamwalira kumayambiriro kwa 1777, mpando udagwera Gwinnett.

Koma paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Gwinnett ankafunitsitsa kukhala mkulu wa asilikali a ku Georgia, koma udindowo udapita kwa Lachlan McIntosh. Chidani chidayambira pamenepo. Ali pampando, Gwinnett adamangitsa George McIntosh, mbale wake wa Lachlan, pomuganizira kuti akugwirizana ndi Angerezi. Kenaka adatumiza asilikali kukathira nkhondo Angerezi ku Florida, koma ulendowo udalephera chifukwa akuluakulu awiriwa ankangolimbirana kuti alamule ndani. Pachisankho cha mu May 1777 Gwinnett adagonja kwa John Treutlen.

McIntosh adamunyoza pamaso pa aphungu. Masiku amenewo azungu apamwamba akanyozana, wonyozedwayo ankaitana mnzakeyo kuti akaime moyang'anizana, aliyense ndi mfuti yake, nkuomberana. Pa 16 May 1777 awiriwa adachitadi zimenezo ndipo onse adavulala m'miyendo. McIntosh adachira, koma bala la Gwinnett lidanyeka ndipo adamwalira pa 19 May, asanathe ngakhale chaka chisainireni chikalata cha ufulu. Angerezi sadamukhudze nkomwe. Adaphedwa ndi munthu wa mbali yake yomwe, nkhani yake ya mipando.

Nanga siginecha yake idadula bwanji? M'zaka za m'ma 1800 anthu ena ku America adayamba kusonkhanitsa mapepala osainidwa ndi amuna 56 aja, cholinga chili choti munthu akhale ndi onse osasowapo ndi mmodzi yemwe. Mapepala a Thomas Jefferson kapena Benjamin Franklin savuta kwenikweni, poti iwowa adakhala moyo wautali ndipo adalemba makalata masauzande. Koma Gwinnett adafa ali ndi zaka 42 zokha, adatchuka kwa kanthawi kochepa, mbumba yake idatha msanga, ndiponso mzinda wa Savannah udalandidwa ndi Angerezi mu 1778. Masiginecha ake odziwika ndi pafupifupi 50 basi, ndipo ambiri ali m'nyumba zosungiramo mabuku komwe sagulitsidwa.

Choncho wofuna kukwanitsa onse 56 amakakamira pa Gwinnett. Kalata ya mu July 1776 yomwe adasaina pamodzi ndi John Hancock ndi anzawo ena idagulidwa pa mtengo wa $51,000 mu 1927. Mu 2010 kalata yomweyo idapita pa $722,500 pa okushoni ya Sotheby's ku New York. Poti pali ndalama pali akamberembere, masiginecha abodza adatulukanso, mwakuti wogula wanzeru amayamba wafufuza pepala, inki komanso m'manja momwe kalatayo yadutsa.

Choseketsa nchoti ena mwa mapepala amene anthu olemera akulimbirana ndi malisiti ndi zikalata za malonda ndi ngongole za munthu amene adalephera kubweza ndalama za eni ake.

Kusonkhanitsa makalata akale si koipa ayi. Pakadapanda anthu otere, mapepala ambiri akadadyedwa ndi chiswe kapena kukulungira nsomba. Koma ophunzira asasokoneze mtengo ndi ulemerero. Ndalama zija zikungotiuza kuti siginecha ya Gwinnett ndi yosowa, sizikutiuza kuti adaposa Franklin nzeru kapena ntchito. Wongoyang'ana inki ya m'munsi mwa pepala amaona ngwazi. Wowerenga pepala lonse amapeza wamalonda wogwa, mwini akapolo, munthu wolimba mtima amene adasaina podziwa kuti Angerezi akapambana akhoza kumunyonga, komanso wandale amene adalephera kugawana mphamvu ndi mnzake.

Dzina lake lilipobe. Mu 1818 boma lina la m'chigawo cha Georgia adalitcha Gwinnett County, ndipo lero ndi limodzi mwa madera okhala anthu ambiri pafupi ndi mzinda wa Atlanta.