Milarepa: wakupha amene adasenza miyala kufuna chiphunzitso

Kummwera kwa Tibet, m'dera la Lhodrak kufupi ndi malire a Bhutan, kuli nyumba yamiyala ya nsanjika 9 yotchedwa Sekhar Guthok. Abuda akumeneko amati idamangidwa zaka zoposa 900 zapitazo ndi munthu mmodzi, wopanda ganyu womuthandiza. Munthuyo ndi Milarepa, ndipo adachita izi pomvera mphunzitsi wake, Marpa.

Zambiri za moyo wake zimachokera m'buku lomwe Tsangnyön Heruka adalemba mu 1488. Mabuku ena amati adabadwa mu 1040, ena amati 1052, m'mudzi wa Kya Ngatsa kufupi ndi Nepal. Banja lake lidali lopata ndithu.

Ali ndi zaka 7 bambo ake adamwalira, atasiya chuma m'manja mwa mbale wawo ndi azakhali a mwanayo kuti asunge mpaka atakula. Monga zimakhalira ndi chuma cha masiye, awiriwa adachikumbatira chonse. Mayi wamasiyeyo, Milarepa ndi mlongo wake Peta adasanduka antchito pakhomo pawo pomwe.

Mkwiyo udawadya mayiwo mpaka adagulitsa gawo la munda wawo kuti mnyamatayo akaphunzire matsenga. Akuti tsiku la ukwati wa mwana wa wolanda chumayo, Milarepa adagwetsa nyumba yodzaza ndi alendo ndipo anthu 35 adafera pomwepo. Adagwetsanso matalala omwe adasakaza balere yense m'minda ya m'mudzimo.

Mayi ake adavina. Iye tulo tidamusowa, poopa zomwe zimudikira akadzafa. Mkulu wina wachipembedzo ndiye adamulozera kwa Marpa.

Marpa sadali wansembe wometa mpala. Adali mlimi wapabanja, wokonda mowa komanso wamtima wapachala, koma adapita katatu ku India kukaphunzira kwa akatswiri monga Naropa, n'kumasulira mabuku awo m'Chitibeti. Njira yake idali ya Tantra. M'njira imeneyi zinsinsi za yoga ndi kusinkhasinkha sizitengedwa m'buku mokha. Mphunzitsi amayamba walowetsa wophunzira pamwambo, kenaka n'kumuuza pakamwa, ndipo wophunzirayo amayenera kumuona mphunzitsi ngati Buddha amene. Anthu ankabwera ndi mphatso zamtengo wapatali. Milarepa adalibe kanthu, choncho adadzipereka yekha: thupi, mawu ndi mtima.

Marpa adalitenga thupilo n'kuligwiritsadi ntchito. Adamulamula amange nyumba yozungulira. Itafika pakati, adati aigumule ndipo mwala uliwonse aubwezere komwe adautenga. Yachiwiri, yooneka ngati mwezi wokhala kumene, idathera momwemo, Marpa akuti adalamula ataledzera. Pa yachitatu, ya ngodya zitatu, adakana kwamtuwagalu kuti adalamulapo zotero. Yachinayi ndiyo ya nsanjika 9 ija, yomangira mwana wake Darma Dode.

Msana wa Milarepa udachita zilonda zotuluka mafinya. Nthawi iliyonse akakhala pamzere wa olowa mwambo, Marpa ankamumenya n'kumuponya kunja anzake akuona.

Pankhaniyi munthu woyenera kumutchula ndi Dagmema, mkazi wa Marpa. Ndiye ankamupatsa chakudya, kumutsuka zilonda ndi kumuchonderera kwa mwamuna wake. Zitafika pa mwana wakana phala, mayiyu adalemba kalata yabodza m'dzina la Marpa yopempha Ngok, wophunzira wamkulu wa mwamuna wakeyo, kuti amuphunzitse mnyamatayo. Ngok adamuphunzitsadi, koma akuti palibe chidaphukapo chifukwa padalibe mdalitso wa mwini chiphunzitso. Chinyengo chitaululika, Marpa adalusa koopsa ndipo Milarepa adaganiza zodzipha.

Apa mpamene mkuluyu adasintha. Adamuitana, n'kulongosola kuti mavuto onse aja adali otsuka magazi a anthu 35. Ankafuna kumutayitsa mtima ka 9, koma chifundo cha Dagmema chidadula chiwerengero pa 8. Buku lija likuti Marpa ankalira mobisa nthawi yonseyi. Adamulowetsa mwambo, n'kumutsekera m'phanga momwe adakhala miyezi 11 akusinkhasinkha, nyali yamafuta ili pamutu.

Nkhani ya miyalayi njokoma kuimva koma yapwetekapo anthu, chifukwa aphunzitsi ena ankhanza amabisala kumbuyo kwa Marpa. Mu 2017 ophunzira 8 a Sogyal Rinpoche, mphunzitsi wotchuka kwambiri ku Ulaya, adalemba kalata yomudandaula kuti ankamenya ophunzira ndi kugona ndi ena mwa iwo, ndipo adatula pansi udindo chaka chomwecho. Chomwe ambiri amachidumpha nchakuti m'buku lomwelo Marpa adachenjeza Milarepa kuti njira yowawayi siyidzayenera ophunzira am'tsogolo. Milarepa naye sadamangitse munthu nyumba.

Patapita zaka adalota kwawo kuli bwinja ndipo adapempha kupita. Marpa adalola, koma adamuuza kuti sadzaonananso. Adamupatsa kalata yomata yoti adzatsegule zikadzathina. Kumudzi adapeza nyumba itagwa, mafupa a mayi ake ali mkati, Peta atapita kopemphetsa.

Kuchokera apo adalowa m'mapiri monga adalonjezera mphunzitsi wake. Kuphanga la Drakar Taso ufa utamuthera ankaphika masamba oyabwa akutchire okhaokha, mpaka khungu lake lidabiriwira ndipo alenje ankamuyesa mzukwa. M'chisanu choopsa cha kumeneko ankafunda kansalu kamodzi kathonje, akudzitenthetsa ndi yoga ya kapumidwe yotchedwa tummo. Dzina loti repa limatanthauza wovala thonje. Thupi litafookeratu adatsegula kalata ija, ndipo mwa malangizo ena adapezamo loti adye chakudya chabwino. Marpa, yemwe adamwalira cha mu 1097, adali atamudziwa bwino wophunzira wake.

Milarepa ankaphunzitsa poimba, ndipo nyimbo zake zambiri zimayamba ndi kugwadira Marpa. Mwa ophunzira ake mudali Rechungpa ndi sing'anga Gampopa, yemwe adakhazikitsa nyumba za ansembe a gulu la Kagyu, limodzi mwa magulu akuluakulu anayi a Chibuda cha ku Tibet.

Akuti adamwalira ku Chuwar ali ndi zaka 84, atamwa chambiko chapoizoni chomwe katswiri wina wamabuku adamutumizira kaamba ka nsanje. Adamwa akudziwa, ndipo mwiniwakeyo adamukhululukira. Asadatsirizike adauza ophunzira ake kuti golide wake yense adamukwirira pansi pa mafuwa. Atakumba adapezapo kansalu kathonje, mpeni ndi chibuluma cha shuga, pamodzi ndi kalata yowauza kuti adule nsaluyo ndi shugayo n'kugawira anthu.