Canon Edward Paterson: Wansembe Amene Anapereka Makoma a Tchalitchi kwa Ana

Kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo m'dziko la Zimbabwe, kufupi ndi mapiri a Matobo, kuli mishoni yotchedwa Cyrene. Pamishonipo pali tchalitchi chaching'ono chofolera ndi udzu, chimene makoma ake, mkati ndi kunja komwe, ndi odzaza ndi zithunzi za utoto. Mlendo akalowamo amaona nkhani za m'Baibulo zitajambulidwa ndi nkhope za anthu akuda, pakati pa miyala, mitengo ndi ng'ombe za m'dera lomwelo. Ambiri mwa amene anajambula zithunzizo anali anyamata apasukulu, ena a iwo olumala, ndipo amene anawapatsa burashi ndi khoma anali wansembe wa mpingo wa Anglican, Canon Edward Paterson, amene anzawo ankangowatchula kuti Ned.

Ubwana ndi maphunziro awo

A Paterson anabadwira mumzinda wa Aberdeen ku Scotland m'chaka cha 1895. Akali mwana, makolo awo anasamukira ku South Africa, ndipo iwo anakulira m'tauni ya njanji ya Noupoort, m'dera louma la Karoo. Sukulu anaisiya msanga n'kuyamba ntchito. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, analowa usilikali m'gulu la Transvaal Scottish ndipo anamenya nawo nkhondo ku South West Africa, dziko limene lero ndi Namibia, kenako kum'mawa kwa Africa. Iyi ndi nkhondo yomwe ija imene amuna ochuluka a ku Nyasaland anavutika nayo posenza katundu wa asilikali pa ntchito ya mtengatenga.

Nkhondo itatha, anapeza mwayi wa maphunziro umene unkaperekedwa kwa asilikali opuma, ndipo kuyambira 1920 mpaka 1923 anaphunzira zaluso pa Central School of Arts and Crafts ku London. Sukuluyi inkatsata maganizo a William Morris ndi John Ruskin, akuti ntchito ya manja ndi yolemekezeka, ndi kuti mmisiri wa matabwa, womanga nyumba ndi wojambula zithunzi onse ndi a banja limodzi. Maganizo amenewa anakhazikika mumtima mwa a Paterson ndipo anawatsogolera moyo wawo wonse.

Atabwerera ku South Africa, mu 1925 anakagwira ntchito pa Grace Dieu, sukulu ya mpingo wa Anglican yophunzitsa aphunzitsi kufupi ndi Pietersburg, mzinda umene tsopano umatchedwa Polokwane. Kumeneko anayambitsa luso losema zithunzi pamatabwa m'chipinda cha ukalipentala. Ngakhale sanakhalitsepo, ntchitoyo inapitirira m'manja mwa ena, ndipo akatswiri osema monga Ernest Mancoba ndi Job Kekana anatulukira pa sukulu yomweyo. A Paterson anadzozedwa mu 1928 ndipo anatumikira m'mipingo ya anthu akuda m'chigawo cha Transvaal, kumene ankakongoletsa matchalitchi ndi zithunzi za pakhoma.

Kuyamba kwa Cyrene

Mu 1939 anaitanidwa ku Southern Rhodesia kuti akakhazikitse sukulu ya anyamata, ndipo sukuluyo inatsegulidwa mu 1940. Dzina lakuti Cyrene linachokera kwa Simoni wa ku Kurene, munthu wa ku Africa amene anasenzetsedwa mtanda wa Yesu. Masiku amenewo boma la atsamunda linkafuna kuti mwana wa munthu wakuda aphunzire zongomuyeneretsa kugwira ntchito pafamu, pamgodi kapena m'nyumba ya mzungu. Ku Cyrene nakonso anyamata ankaphunzira ulimi, ukalipentala ndi kumanga nyumba. Koma a Paterson anawonjezerapo chinthu chimene sichinali chozolowereka: analamula kuti mwana aliyense, waluso ndi wopanda luso yemwe, aziphunzira kujambula.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kosavuta kukafotokoza. Mwana ankapatsidwa pepala ndi utoto wosungunula ndi madzi, n'kuuzidwa kuti ajambule zimene akuzidziwa ndi kuti adzaze pepala lonse, osasiya malo. Sankaloledwa kukopera chithunzi cha munthu wina. A Paterson sankaonetsa anawo zojambula za akatswiri a ku Ulaya, poopa kuti angayambe kudziderera n'kumangotsanzira. Sankakonda kukonza ntchito ya mwana ndi dzanja lawo. Ankayang'ana, kuyamikira ndi kulimbikitsa. Motero pamapepalapo panayamba kuoneka miyala ikuluikulu yosanjikizana ya ku Matobo, mitengo yojambulidwa tsamba ndi tsamba, abusa ndi ziweto zawo, alenje, midzi, ndi nkhani zimene anawo anamva kwa agogo awo.

Makoma a tchalitchi

Ntchito imene inatchukitsa Cyrene ndi ya m'tchalitchi cha St Pancras. Wansembe wina akadaitana katswiri wodziwika, kapena akadajambula yekha makoma onse, popeza a Paterson luso anali nalo. Iwo anajambulako mbali zina, koma malo aakulu anawasiyira ophunzira awo. Chaka ndi chaka anyamata anadzaza makomawo ndi mafanizo a Yesu, monga la Msamariya wachifundo ndi la mwana wolowerera, pamodzi ndi zithunzi za Akhristu a mu Africa amene anafera chikhulupiriro chawo. Mmodzi wa iwo ndi Bernard Mizeki, mphunzitsi wa mpingo wobadwira kufupi ndi Inhambane ku Mozambique, amene anaphedwa mu 1896 kudera la Marondera. Zosema za m'tchalitchimo nazonso zinatuluka m'manja mwa ophunzira.

Chithunzi cha pakhoma chimasiyana ndi cha papepala. Cha papepala mwini wake angachipinde n'kuchibisa m'bokosi, pomwe cha pakhoma chimakhala poyera, ndipo aliyense wolowa m'nyumbamo amachiona ndi kuchiweruza. Kukula kwake kumafunanso manja ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwana amene wapatsidwa gawo la khoma amaphunzira kulemekeza gawo la mnzake, kudikira kuti utoto uume, ndi kumaliza chimene wayamba. Kuposa apo, mnyamata amene lamulo la dziko linkamuuza kuti ndi munthu wotsika ankagwada Lamulungu lililonse pansi pa chithunzi chojambulidwa ndi iye mwini, momwe oyera mtima anali ndi khungu longa lake. M'dziko la tsankho ngati Southern Rhodesia ya masiku amenewo, ichi sichinali chinthu chaching'ono.

Cyrene inkalandiranso ana olumala, amene sukulu zambiri zinkawakana. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi Sam Songo, amene anali wolumala miyendo ndipo dzanja lake limodzi silinkagwira bwino ntchito, koma anakhala katswiri wojambula ndi wosema, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa ena. Lazarus Khumalo anakhala wosema miyala ndi mphunzitsi wa zaluso ku Bulawayo. Kingsley Sambo anatchuka ndi zojambula za utoto ndiponso makatuni a m'nyuzipepala. Anthu amenewa anasonyeza kuti munthu wakuda angathe kudya thukuta la luso lake, m'nthawi imene ambiri sankakhulupirira zimenezo.

Mbiri ya sukuluyi inawoloka nyanja. Mu 1949 zojambula ndi zosema za ana a ku Cyrene zinaonetsedwa ku London, ndipo pambuyo pake zinayendayenda m'mizinda ina. Ndalama zopezeka pogulitsa ntchitozo zinkathandiza kuyendetsa sukulu.

Zaka za ku Salisbury

Mu 1953 a Paterson anachoka ku Cyrene n'kusamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Kumeneko anatsegula malo ophunzitsira zaluso ana a m'makomboni a anthu akuda: poyamba Chirodzo, kenako Nyarutsetso, ndipo pomaliza Farayi. Komboni ya Harari, imene tsopano ndi Mbare, masiku amenewo munkakhala mabanja ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique amene anapita kukafuna ntchito. Ana a m'tauni analibe miyala ya ku Matobo yoti ajambule, koma njira ya mphunzitsi wawo sinasinthe: pepala, utoto, ndi ufulu wojambula zimene maso awo ankaona. Anagwira ntchito imeneyi kwa zaka pafupifupi makumi awiri, mpaka pamene anamwalira mu 1974.

Kuyeza ntchito yawo

Mbiri yoona siibisa zofooka. A Paterson anali mzungu wogwira ntchito m'dongosolo la atsamunda, ndipo ndi iwo amene ankasankha zimene ana akuda ayenera kuona ndi zimene sayenera kuona. Akatswiri ena a mbiri ya zaluso amati kubisira anawo ntchito za ojambula a maiko ena kunawatsekera makomo amene akadatha kulowamo, ndi kuti zojambula za ku Cyrene zinafika pofanana kwambiri. Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba yoonetsera zaluso ya ku Salisbury imene inatsegulidwa mu 1957, ankapeputsa luso la m'masukulu a mishoni, ndipo kwa zaka zambiri dzina la Cyrene linaphimbika ndi kutchuka kwa zosema za miyala za ku Zimbabwe. Komabe palibe angakane kuti pamene ena ankaona antchito a mawa okha, a Paterson anaona amisiri, ndipo anawapatsa malo olemekezeka koposa onse pamishonipo.

Tchalitchi chija chinaona mavuto ake. Mu 1965 moto unatentha denga lake, ndipo m'zaka za nkhondo yomenyera ufulu sukulu inasamutsidwira ku Bulawayo kwa kanthawi. Zithunzizo zinapulumuka, zina zitakonzedwanso, ndipo mu 1987 boma la Zimbabwe linaika tchalitchichi m'gulu la malo otetezedwa a mbiri ya dziko. Zojambula zambiri za papepala zimene zinatsalira ku England zinasungika kwa zaka zochuluka m'tchalitchi china ku London, ndipo mu 2020 zinaonetsedwanso kwa anthu pa chionetsero chotchedwa The Stars Are Bright. Anyamata amene anazijambula ambiri anali atamwalira kale, koma maina awo anawerengedwanso ndi m'badwo watsopano.

Phunziro kwa osunga chikhalidwe

Kuphunzitsa ana ndi zithunzi za pakhoma sikunabwere ndi amishoni. Mapiri a Matobo, amene ali pafupi ndi Cyrene, ali ndi zojambula zamakedzana m'mapanga ake, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2003. Ku Dedza m'dziko la Malawi, dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo linalandira ulemu womwewo mu 2006. Zofiira zinasiyidwa ndi Akafula, pomwe zambiri mwa zoyera zinajambulidwa ndi Achewa ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi gule wamkulu. Makolo ankadziwa kuti mwambo wongomva ndi khutu umaiwalika msanga kusiyana ndi umene maso aona ndi manja agwira.

Moyo wa Canon Paterson ukukumbutsa mabungwe osunga chikhalidwe, mafumu, aphunzitsi ndi makolo kuti ana asamangokhala oonerera pa miyambo ya makolo awo. Sukulu iliyonse ili ndi khoma lopanda kanthu, ndipo m'mudzi uliwonse muli agogo odziwa nthano, magule ndi mbiri ya fuko. Chofunika ndi utoto pang'ono, munthu wamkulu woleza mtima, ndi kulimba mtima kolola kuti mwana ajambule yekha ngakhale mzere wake utakhota. Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Makoma a ku Cyrene anajambulidwa ndi anyamata apasukulu zaka zoposa 70 zapitazo, ndipo kufikira lero alendo amapitabe kukawaona.