Marin Mersenne: Wansembe Amene Analakwitsa Mopindulitsa

Bambo Marin Mersenne anabadwa pa 8 September 1588 pafupi ndi Oizé m'dziko la France. Ataphunzira pa sukulu ya Ajezuwiti ku La Flèche, analowa chipani cha ansembe cha Minim mu 1611. Kuyambira mu 1619 mpaka pamene anamwalira mu 1648, iwo ankakhala ku Paris. Pa nthawiyo kunalibe magazini a sayansi, choncho chipinda chawo chinali ngati positi ofesi ya akatswiri. Ankalemberana makalata ndi Descartes, Fermat, Torricelli ndi ena, n'kumapititsa funso la uyu kwa uja.

Komabe dzina lawo likukumbukiridwa kwambiri chifukwa cha nambala zosagawika. Izi ndi nambala monga 2, 3, 5 ndi 7, zimene sizingagawidwe popanda chotsala, pokhapokha tizigawe ndi 1 kapena ndi nambala yomweyo. Gulu limene Bambo Mersenne anachita nalo chidwi limapezeka pochulukitsa ma 2 angapo kenaka n'kuchotsapo 1. Mwachitsanzo, ma 2 atatu amapereka 8, ndipo tikachotsapo 1 patsala 7. Ma 2 asanu amapereka 31. Kuti yankho likhale losagawika, chiwerengero cha ma 2 aja chiyeneranso kukhala chosagawika. Koma lamuloli palokha silikwanira: ma 2 okwana 11 amapereka 2,047, imene ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Mu 1644 Bambo Mersenne anasindikiza mndandanda wonena kuti mpaka pa 257, ziwerengero zopereka nambala zosagawika ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257 basi. Umboni sanapereke, ndipo kutsimikiza zimenezi ndi cholembera chokha inali ntchito ya kalavula gaga. Euler anatsimikiza za 31 mu 1772. Édouard Lucas anatsimikiza za 127 mu 1876, nambala ya madijiti 39. Pang'onopang'ono zolakwika zisanu zinaonekera: 67 ndi 257 sizinayenere kukhalamo, pamene 61, 89 ndi 107 anazisiya. Mu 1903 Frank Nelson Cole anaonetsa kuti yankho la ma 2 okwana 67 ndi 193,707,721 kuchulukitsa ndi 761,838,257,287.

Kodi tinene kuti wansembeyu analephera? Ayi. Mndandanda wawo unapatsa akatswiri ntchito kwa zaka pafupifupi 300, ndipo pouyesa anatulukira njira zimene makompyuta akugwiritsabe ntchito. Mu October 2024 kunapezeka nambala yosagawika ya 52 ya gulu la Mersenne, yochokera ku ma 2 okwana 136,279,841, ndipo ili ndi madijiti 41,024,320.

Ambirife timaopa kukweza dzanja m'kalasi kuopa kusekedwa. Bambo Mersenne anaika maganizo awo poyera kuti ena awayese, ndipo ngakhale pamene anaphonya, masamu anapita patsogolo.