Joseph Booth: Namfedwa Amene Anatsegula Njira ya ku Malamulo

Tikamakamba mbiri ya Malamulo, dzina la a Joseph Booth timangolitchula modutsa, ngati munthu amene anathandiza mpingo kupeza malo ku Thyolo. Chimene ambirife timaiwala n'chakuti bambowa anafika m'dziko muno ali namfedwa, chaka chisanathe chiikireni mkazi wawo m'manda.

A Booth anabadwa mu 1851 ku Derby, m'dziko la England. Anakwatira Mary Jane mu 1872, ndipo patapita zaka banjali linasamukira ku New Zealand, kenako ku Melbourne, ku Australia, kumene malonda awo anayenda bwino. Tsiku lina munthu wosakhulupirira Mulungu anawafunsa pagulu chifukwa chimene sankagulitsira chuma chawo n'kuthandiza osauka, monga ankalalikira. Funsoli linawalasa mumtima. Mu 1891 anagulitsa malonda awo n'kuyamba kukonzekera ulendo wa ku Africa.

Patatsala masabata owerengeka kuti anyamuke, mayi Mary Jane anadwala n'kumwalira. Banja la zaka 19 linathera pomwepo. Malonda anali atagulitsidwa kale, ndipo ana awiri, Edward ndi Emily, anatsala m'manja mwa bambo awo. Palibe akanawadzudzula akanasankha kukhala pafupi ndi manda. Koma a Booth ananyamuka ndithu, kukachita okha ntchito imene anaikonzekera ali awiri.

Anafika ku Blantyre mu 1892 ali ndi Emily, kamtsikana ka zaka zosakwana khumi. Nthawi imeneyo mishoni ya kwathu ku Mvera inali ndi zaka zitatu zokha chiyambire 1889, pamene a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok anakhazikika m'dziko la mfumu Chiwere. Azungu ambiri ankatha ndi malungo, ndipo ulendo uliwonse unali wa pansi kapena wa pamachila. A Booth anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, koma pakhomo panalibe mayi woti n'kutsala ndi mwana iwo akachoka.

Apa m'pamene panatulukira mnyamata wa ku Chiradzulu wofuna ntchito ya m'nyumba. Dzina lake anali John Chilembwe. Ankaphika, ankamasulira mawu a a Booth kwa anthu, ndipo Emily akadwala malungo bambo ake ali kutali, ndiye ankamudwazika. A Booth anam'batiza mu 1893. Emily atakula analemba buku la moyo wake wa kuno, lotchedwa This Africa Was Mine, ndipo m'menemo anakumbukira chifundo cha mnyamatayu. M'mishonale amene anabwera kudzathandiza Amalawi anayamba wathandizidwa iye ndi Mmalawi pa nthawi ya umasiye wake.

Maliro sanawaleke. Edward, amene anatsatira bambo ake kuno, anamwalira mu 1894 akadali mnyamata. Mu 1896 a Booth anakwatira Annie Watkins, amene anapirira nawo moyo wosakhazikika kwa zaka zambiri.

Munthu amene walira amamva msanga kulira kwa ena, ndipo mwina n'chifukwa chake a Booth sankatha kukhala chete poona nkhanza za atsamunda. Ankalipira antchito awo ndalama zambiri kuposa azungu ena, zimene zinawadanitsa ndi anzawo. Mu 1897 anasindikiza buku lotchedwa Africa for the African, ndipo chaka chomwecho anapita ndi a Chilembwe ku America, kumene a Chilembwe anakaphunzira zaubusa. Mu 1899 analemba chikalata chopempha kuti msonkho wa nyumba uzigwira ntchito yophunzitsa eni dziko. Boma linakwiya, ndipo iwo anathawira ku Mozambique kwa kanthawi.

Atayamba kusunga Sabata, anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo m'dzina la mpingo wa Seventh Day Baptist. Mu 1902 malowa anagulidwa ndi mpingo wa Adventist, ndipo a Booth anabwera ndi banja la a Thomas Branch kudzayamba ntchito. Sanakhalitse, pakuti anali munthu wovuta kugwira naye ntchito ndiponso wosintha mipingo kawirikawiri. Koma pamalo omwewo, amene mu 1907 anatchedwa Malamulo, lero pali chipatala ndi sukulu. Mayi Annie nawonso anatsogola mu 1921, ndipo a Booth anamwalira mu 1932 ku Weston-super-Mare, ku England.

M'midzi yathu ya ku Dowa ndi ku Ntchisi timadziwa kukhuza maliro. Timagona pasiwa, timasonkha ufa ndi nkhuni, timayimba usiku wonse. Koma tikameta, aliyense amabwerera kwawo, ndipo namfedwa amatsala ndi ana, munda wosalima ndi fizi ya sukulu. Amayi amasiye ena amalandidwa ngakhale mabulangete, ngakhale kuti lamulo la 2011 loteteza chuma cha masiye limaletsa mchitidwewu. Amene anathandiza a Booth kuimanso anali mnyamata wamba wopanda chuma, amene anakhala pambali pa mwana wodwala pamene ena onse anali kutali. Ifenso ophunzira tilibe ndalama, koma tchuthi chino tikhoza kugwira khasu m'munda wa mayi wamasiye, kapena kukhala pansi ndi mwana wake n'kumuthandiza masamu.