Percy Hobart ndi Akasinja Ake Oseketsa

Pa tchuthi chapitachi amalume anandilonjeza kuti adzandigulira kabokosi ka tizidutswa ta pulasitiki tomangira kasinja wamng'ono, koma anati kamodzi kokha, ndipo ndisankhe ndekha. Poyang'ana zithunzi za pa mabokosiwo ndinaona akasinja ena odabwitsa: wina wa maunyolo kutsogolo, wina wokoka ngolo, wina wosenza mlatho. Pamene ndinafufuza mbiri yao ndinapeza kuti onsewa anali a gulu limodzi la nkhondo, ndipo mtsogoleri wa gululo anali Percy Hobart. Tsono ndifuna kukuuzani, anzanga, za munthu ameneyu.

Hobart anabadwa pa 14 June 1885 ku Naini Tal m'dziko la India. Anaphunzira ku Clifton College ndi ku sukulu ya asilikali ya ku Woolwich, ndipo mu 1904 analowa gulu la amisiri a nkhondo lotchedwa Royal Engineers. Pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba anamenya ku France ndi ku Mesopotamia. Mu 1923 anasamukira ku gulu la akasinja, pakuti anaona kuti nkhondo za m'tsogolo zidzapambanidwa ndi makina. Akuluakulu ambiri a masiku amenewo anali kukhulupirirabe akavalo, kotero sanakondwe naye. Nayenso Hobart anali munthu waukali, wosabisa mau ngakhale pamaso pa omuposa, ndipo khalidwe limeneli linamchulukitsira adani.

Mu 1938 anamtumiza ku Egypt, kumene anaphunzitsa gulu la akasinja limene pambuyo pake linatchuka ndi dzina lakuti Desert Rats, ndiko kunena makoswe a m'chipululu. Koma kumapeto kwa 1939 akulu ake anamchotsa pa udindo, nambweza kwao. Taganizani, munthu amene anali Major-General analowa gulu la anthu wamba olondera midzi ku Chipping Campden, nakhala lansi kopolo chabe. Winston Churchill atamva zimenezi sanalole kuti munthu wodziwa chotere akhale pansi nkhondo ili mkati, ndipo mu 1941 Hobart anabwezedwa pa ntchito. Akuluakulu athu ananena zoona kuti mau a akulu akoma akagonera.

Ntchito imene inamtchukitsa inachokera pa tsoka. Pa 19 August 1942 asilikali, ambiri a iwo a ku Canada, anayesa kukocheza ku Dieppe, pa gombe la France. Akasinja ena anatitimira m'timiyala ta pagombe, ena anatsekerezedwa ndi zipupa za simenti, ndipo anthu ambiri anafa kapena kugwidwa. Chifukwa cha ichi, mu 1943 Alan Brooke anapatsa Hobart ndi gulu lake la 79th Armoured Division ntchito yokonza akasinja apadera, chopinga chilichonse ndi kasinja wake.

Ambiri a makina amenewa Hobart sanawatulukire yekha. Kasinja wosambira, Sherman DD, anachokera m'nzeru za Nicholas Straussler: anali ndi chinsalu chokhuthala choimika mozungulira, ndi mapulopela awiri kumbuyo. Nzeru ya maunyolo omenya pansi kuti mabomba okwirira aphulike kasinja asanafike inayamba ndi msilikali wa ku South Africa, Abraham du Toit, ndipo pa Sherman anaitcha Crab, ndiyo nkhanu. Panalinso Churchill AVRE woponya bomba lolemera mapaundi 40 logumulira zipupa, amene nthawi zina anali kusenza mlatho kapena mtolo waukulu wa mitengo wokwirira maenje. Ndi Crocodile, ng'ona, wolavula moto kufika mayadi 120. Ntchito ya Hobart inali kusonkhanitsa zonsezi, kuziyesa, kukakamiza amisiri kuti afulumire, ndi kuphunzitsa anyamata ake usana ndi usiku. Asilikali ena poona maonekedwe ao anawatcha akasinja oseketsa a Hobart.

Pa 6 June 1944 akasinja aja anatsogolera pa magombe a Normandy pamene Angerezi ndi a ku Canada anakocheza, natsegula njira pakati pa mabomba ndi zipupa. Sikuti zonse zinayenda bwino ai. Ku gombe la Omaha, mwa akasinja osambira 29 amene gulu lina la ku America linatsitsa kutali m'nyanja, 27 anamira ndi mafunde. Komabe kumene analoledwa kugwira ntchito yao anapulumutsa miyoyo yambiri. Hobart anatsogolera gululo kufikira nkhondo inatha mu 1945, napuma pa ntchito mu 1946. Anamwalira ku Farnham pa 19 February 1957.

Mbiri imeneyi ndiyo inandiphunzitsa kuzindikira akasinjawa. Pafupifupi onse anamangidwa pa matupi awiri okha, kotero yambani ndi mawilo. Sherman ndi wamtali m'mwamba, ndipo ali ndi mawilo 6 oponda pansi mbali iliyonse, awiriawiri. Churchill ndi wotalika ngati bokosi, ndipo ali ndi timawilo 11 mbali iliyonse. Mukadziwa thupi, yang'anani chimene anamuonjezera. Ngolo kumbuyo ndiye kuti Crocodile. Mfuti yaifupi yonenepa ndiye kuti AVRE. Chinanso ndi chitseko cha m'mbali: Crocodile anamangidwa pa Churchill Mark VII wa chitseko chozungulira, pamene AVRE wa ku Normandy anali Mark III kapena IV wa chitseko cha ngodya zinai. Munthu akamata mfuti ya AVRE ya 1944 pa thupi la chitseko chozungulira wamanga cholakwika, ngakhale penti yake ikongole bwanji.

Kunatsala nkhani ya msinkhu. Kampani ya Tamiya inapanga Crocodile wa 1:35, kutanthauza kuti kasinja weniweni amposa kutalika ka 35, ndipo thupi lake lokha lipitirira masentimita 20. Ya Airfix inapanga Crocodile ndi Crab a 1:76, okwana m'dzanja. Wamkuluyo aonetsa bwino kachitsulo kalikonse, koma ndi wokwera mtengo, ndiponso sangakwane m'sutikesi yanga pamodzi ndi mabuku.

Ndinalingalira masiku angapo, ndipo potsiriza ndinalembera amalume kuti ndasankha Crab wa 1:76. Ng'ona ija ndi yochititsa kaso, koma ntchito yake inali kutentha anthu m'malinga mwao. Nkhanu inali kupita patsogolo pang'onopang'ono m'fumbi, kuti anyamata a msinkhu wathu oyenda pansi pambuyo pake asaponde bomba. Ndikatha kumata maunyolo ake ndidzajambula pa thupi lake chizindikiro cha gulu la Hobart, mutu wa ng'ombe yamphongo, ndipo amene afuna kudzawerenga mawilo ake abwere Loweruka masana.