Al-Khwarizmi, Mphunzitsi wa Masamu

Kalekale kunali munthu wina, dzina lake Al-Khwarizmi. Iye anabadwa ca m'ma 780. Ankagwira nchito mumzinda wa Baghdad, m'dziko limene lero ndi Iraq. Kumeneko kunali nyumba yaikulu ya mabuku, yochedwa Nyumba ya Nzeru.

Masiku amenewo anthu ankavutika pogawana cuma ca masiye. Ankavutikanso poyeza minda ndi pocita malonda. Kugawa kukalakwika, abale amayambana.

Ca m'ma 820, Al-Khwarizmi analemba buku lothandiza anthuwo. Masamu onse anawafotokoza ndi mau okhaokha. Anaphunzitsa kuti funso lovuta liyambe lapeputsidwa. Cimene cacitika mbali imodzi, cicitikenso mbali inayo.

Nzeru imeneyi imagwira nchito ngakhale pamsika wa Ulónguè. Mayi waika matumba 2 ofanana a mbatata ya kacewere pasikelo. Mbali inayo waika miyala 6 yofanana. Sikelo yalingana. Mayi wagawa matumba pawiri. Wagawanso miyala pawiri. Tsopano wadziwa kuti thumba limodzi likulemera ngati miyala 3.

M'dzina la buku lija muli mau a Ciarabu akuti al-jabr. Dzina la masamu a aljebra linacokera pamenepo. M'Cipwitikizi, cilembo ca nambala, monga 2 kapena 6, cimachedwa algarismo. Mau amenewa anacokera ku dzina lake.

Al-Khwarizmi anamwalira ca m'ma 850. Mpaka lero ana a sukulu amaphunzira nzeru zake.