Edith Clarke: mwana wamasiye amene masamu ake akuyendetsa maloboti

Atsikana a sekondale amene akukayika zolowa m'magulu opanga maloboti pasukulu, poganiza kuti nthambo zamagetsi ndi masamu nza anyamata, sadziwa kuti ena mwa masamu oyendetsera maloboti amakono amatchedwa ndi dzina la mayi. Mayiyo ndi Edith Clarke.

Edith adabadwa pa 10 February 1883 m'boma la Howard ku Maryland, m'dziko la America, m'banja la ana 9. Pofika zaka 12 n'kuti makolo ake onse atamwalira. Chuma chamasiye chimene adalandira adachithira pa maphunziro ku Vassar College, komwe adaphunzira masamu ndi sayansi ya zakuthambo mpaka 1908. Adayamba waphunzitsa sukulu, kenaka mu 1911 adalowa maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga ku yunivesite ya Wisconsin. Chaka chotsatira adapeza ganyu ya patchuthi kukampani ya matelefoni ya AT&T, ndipo ganyuyo idamukomera kotero kuti ku Wisconsin sadabwererenso.

Ntchito yake kumeneko inkatchedwa ya ukompyuta. Masiku amenewo kompyuta adali munthu, kawirikawiri mayi, wokhala pa desiki tsiku lonse akuwerengera mainjiniya masamu ataliatali ndi pensulo. Mainjiniyawo ndiwo ankatchuka, wowerengerayo ayi. Edith ankati akaweruka, usiku n'kukaphunzira za magetsi ku yunivesite ya Columbia.

Mu 1919 adakhala mayi woyamba kulandira digiri ya masitazi ya uinjiniya wa zamagetsi ku MIT, imodzi mwa sukulu zotchuka kwambiri pa luso la makina. Komatu pepalalo silidamutsegulire khomo. Palibe kampani idamulemba ngati injiniya. General Electric idamutenga kuti aziyang'anira amayi owerengera masamu, ntchito yomwe ija adaisiya. Apa m'pomwe ambiri akadagwa ulesi, ndipo palibe akadawadzudzula.

Iye nthawi imeneyo adaigwiritsa ntchito pothana ndi vuto limene linkasautsa mainjiniya. Magetsi akamayenda mtunda wautali pa nthambo, mphamvu yake imasintha m'njira, ndipo kuwerengera kusinthako kunkadya nthawi yochuluka. Edith adapanga chipangizo cha tchati ndi timikono toyenda, chimene munthu ankangosuntha n'kuwerenga yankho. Adapempha chiphaso cha umwini wa chipangizocho mu 1921, ndipo adapatsidwa mu 1925.

Mu 1921 momwemo, atatopa ndi kusawerengedwa ngati injiniya, adanyamuka ulendo wa ku Turkey kukaphunzitsa fizikisi pakoleji ya atsikana ku Constantinople. Atabwerako mu 1922, General Electric idamulemba ngati injiniya weniweni. Adali ndi zaka 39. Amadziwika kuti ndiye mayi woyamba kulembedwa ntchito ya uinjiniya wa zamagetsi m'dziko la America.

Zotsatira zake zidabwera mondondozana. Mu 1926 adakhala mayi woyamba kuwerenga kafukufuku wake pamsonkhano wa bungwe la mainjiniya a zamagetsi la AIEE. Mu 1943 adatulutsa buku la Circuit Analysis of A-C Power Systems, lomwe ophunzira adalidalira zaka zambiri. Atapuma ntchito mu 1945 sadakhalitse pakhomo: mu 1947 yunivesite ya Texas ku Austin idamuitana, ndipo adakhala mayi woyamba m'dzikolo kukhala pulofesa wa uinjiniya wa zamagetsi. Adamwalira pa 29 October 1959 kwawo ku Maryland.

Nanga maloboti akulowa pati? Magetsi amphamvu amayenda pa nthambo zitatu, iliyonse ndi nthawi yake yokwera ndi kutsika, ndipo kuwerengera zitatuzo pamodzi n'kovuta. Edith adagwiritsa ntchito ndi kufalitsa njira yosandutsira miyeso itatuyo kukhala iwiri yosavuta kuitsata. Iye ankaganizira nthambo zikuluzikulu zonyamula magetsi, koma mamota ambiri amakono a m'mikono ya maloboti, m'madroni ndi m'galimoto zoyendera magetsi nawonso amalandira mphamvu pa nthambo zitatu. Kakompyuta kowongolera mota yotere kamachita masamu omwewo kambirimbiri pa sekondi iliyonse kuti mkono wa loboti uyime pamalo oyenera, ndipo m'mabuku a uinjiniya njirayo imalembedwa kuti Clarke transform.